Funso limodzi, mapurosesa anayi

Sabata ino ndakhala ndikuphunzira mmene PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta m'matebulo, imagawira funso limodzi lolemera (pempho lofuna deta) kwa mapurosesa angapo, zipangizo zimene zimachita ntchito yowerengera mu kompyuta, ndipo ndazindikira kuti ndinkasakaniza zinthu ziwiri. Anthu ambiri akamafunsa seva (kompyuta yoyendetsa PostgreSQL) nthawi imodzi, aliyense amapatsidwa process yake, kapulogalamu koyenda pakokha komutumikira, ndipo mapurosesa amagawana ntchitoyo mosavuta. Nkhani imakula pamene funso limodzi lokha likufuna kuwerenga mizere mamiliyoni ambiri, ndipo luso logawa funso lotere linayamba mu PostgreSQL 9.6 m'chaka cha 2016.

Chinanditsegula mutu ndi mmene akuluakulu a bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, amawerengera chipepeso. Amagawana mbale za ndalama, aliyense n'kuwerenga yake, koma buku ndi limodzi ndipo mlembi ndi mmodzi. Pa dongosolo limene limasonyezedwa ndi EXPLAIN ANALYZE, lamulo loonetsa mmene funso layendera, mlembi ameneyu ndi gawo lotchedwa Gather: ma worker, amene ndi ma process othandizira, amawerenga zigawo za tebulo, kenaka process yotsogolera imasonkhanitsa pa Gather zimene apeza. Wowerenga aliyense akangotchula chiwonkhetso cha mbale yake, mlembi satopa, n'chifukwa chake mafunso a count (kuwerenga mizere) ndi sum (kuwonkhetsa manambala) anathamanga pa kompyuta yanga ya mapurosesa anayi. Nditapempha mizere yonse momwe ilili, seva sinagawe n'komwe ntchitoyo, chifukwa zikanafanana ndi kupatsira mlembi ndalama imodziimodzi kuti ailembe.

Malire a kugawa ntchito kotereku anawafotokoza katswiri wa makompyuta Gene Amdahl m'chaka cha 1967. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito silingagawidwe, mapurosesa anayi amafulumizitsa ntchitoyo pafupifupi katatu kokha, ndipo ngakhale mutaika mapurosesa 1,000, simungapitirire ka 10. Masamu amenewa ndinawabwereza papepala usiku wina magetsi atazima, chifukwa poyamba sindinawakhulupirire.

Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake PostgreSQL, munthu asanasinthe kalikonse, imalola ma worker awiri okha pa Gather iliyonse, ndiponso siivutika kugawa tebulo losakwana 8 MB, popeza kudzutsa worker kumadya nthawi. Kale ndinkaona ngati ndi kuumira, koma funso limodzi likalanda mapurosesa onse, ena onse ofuna seva amadikira pamzere. Mawa ndikweza malire a ma worker aja, max_parallel_workers_per_gather, kufika pa 4, nditumize mafunso olemera angapo nthawi imodzi, ndione pamene Workers Launched (ma worker amene adzutsidwadi) iyambe kuchepera Workers Planned (amene anakonzedwa).