Zimene mabungwe a ku Ukraine anafukula, ndi zimene ife kuno sitinalembe

M'zaka za 1932 ndi 1933 anthu mamiliyoni a ku Ukraine anafa ndi njala pamene boma la Joseph Stalin linkalanda tirigu m'makomo mwa alimi, n'kuwaletsanso kuchoka m'midzi yawo kukasuma kwina. Njalayi eni ake amaitchula kuti Holodomor. Akuluakulu a boma la Soviet Union, limene panthawiyo linkalamulira Ukraine, anakhala akukana kuti kunagwa njala yotere mpaka mu 1987, ndipo kwa zaka zonsezo nkhaniyi inkangonong'onedwa m'nyumba.

Amene anaitulutsa poyera anali anthu wamba ndi mabungwe awo. Anthu a ku Ukraine okhala ku Canada anamanga chipilala chokumbukira njalayi mumzinda wa Edmonton mu 1983. Kwawoko, banja lina la alembi, Volodymyr Maniak ndi Lidia Kovalenko, linapempha opulumuka kuti alembe zimene anaona, ndipo pa maumboni masauzande amene anafika, ena anasindikizidwa mu 1991. Pamene nyumba ya malamulo ya ku Ukraine inkavomereza mu 2006 kuti njalayi inali chiwembu chofuna kutha mtundu, inkangotsatira m'mapazi mwa anthu amenewa. Lero Loweruka lachinayi la Novembala mabanja amayatsa kandulo pawindo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya bungwe la Memorial, lomwe linkafufuza nkhanza za boma la Soviet Union. Mu 1989 mamembala ake anapita ndi mafosholo kuchigwa cha Demianiv Laz, pafupi ndi mzinda wa Ivano-Frankivsk, kumene apolisi achinsinsi a NKVD anakwirira akaidi amene anawapha mu 1941. Boma linali litasalaza malowo kuti pasaoneke chizindikiro, koma iwo anakumba ndi kupeza mafupa a anthu 524, amuna, akazi ndi ana omwe, ndipo anawaika m'manda mwaulemu. Kunkhalango ya Bykivnia pafupi ndi Kyiv, boma linkanena kuti mitembo yokwiriridwa kumeneko ndi ya anthu ophedwa ndi asilikali a Hitler, mpaka anthu ataumirira linavomera kuti inali ntchito ya NKVD. Mlandu umene wafika pofukula manda sungakanidwenso ndi pakamwa.

Komabe wotolera maumboni amasankhanso oti awamvere, ndipo apa mpamene ndimachita nazo mantha. Mu 2002 ku Lviv kunabadwa bungwe lofufuza mbiri ya omenyera ufulu wa Ukraine, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake, Volodymyr Viatrovych, anadzakhala mkulu wa nthambi ya boma yoona za chikumbukiro cha dziko kuyambira 2014 mpaka 2019. Malamulo a 2015 amene iye anawalimbikitsa anatsegula mafaelo a KGB, apolisi achinsinsi amene anabwera pambuyo pa NKVD, kwa aliyense wofuna kudziwa chimene chinadya bambo ake kapena agogo ake, ndipo chimenecho ndi chinthu choyamikika. Malamulo omwewo analemekezanso magulu a OUN ndi UPA, amene ankamenyera kuti Ukraine ikhale dziko lodziimira palokha, monga ngwazi za ufulu, chonsecho asilikali a UPA anapha anthu wamba a mtundu wa Chipolishi masauzande ambirimbiri m'chigawo cha Volhynia mu 1943. Akatswiri a mbiri ambiri anadandaula kuti mbali yowawayi ikubisidwa. Nakonso ku Babyn Yar mumzinda wa Kyiv, kumene Ayuda 33,771 anawomberedwa ndi asilikali a Hitler m'masiku awiri mu Seputembala 1941, bungwe lokonza malo a chikumbutso lomwe linayamba mu 2016 linautsa mkangano chifukwa ndalama zina zinkachokera kwa anthu olemera amene anapeza chuma chawo ku Russia. Anthu anafunsa moyenera kuti kodi mwini ndalama sadzakhalanso mwini nkhani.

Ndikamawerenga zimenezi kuno ku Mulanje ndimaganiza za thangata. Makolo athu Achilhomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique, nakhala pa malo a azungu pogwira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo minda ya tiyi imene timaidutsa tsiku lililonse inakula ndi thukuta lawo. Zimene zinalembedwa za nthawi imeneyo zambiri zili m'Chingerezi, ndipo zinalembedwa ndi amene ankalamula, osati amene ankagwira khasu. Mulhako wa Alhomwe wachita chachikulu posonkhanitsa anthu pa Chonde chaka ndi chaka kuti tchopa ndi chilankhulo zisafe, koma agogo amene anaona thangata ndi njala ya 1949 ndi maso awo akutha msanga, ndipo mawu awo akupita nawo kumanda.

Anthu a ku Ukraine anasiya kudikira kuti papite zaka 50. Bungwe la Center for Civil Liberties, limene linalandira nawo mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2022, linayamba kulemba maumboni a nkhanza za nkhondo imene Russia inayambitsa ku Ukraine, nkhondoyo ikadali mkati. Ife tili ndi anthu amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene akukumbukira bwino lomwe mmene matope ndi miyala zinatsikira m'phiri ndi mayina a amene sanapezeke. Achinyamata a m'mipingo ndi m'makalabu a kusukulu angathe kuwajambula mawu ndi foni chabe, atapempha chilolezo kwa iwo ndi kwa amfumu. Ndikanakonda kuti zojambulazo zikasungidwe kumalo osungira zakale a dziko ku Zomba ndiponso pa intaneti, kumene aliyense angazimve zonse, kuti zisakhale katundu wa chipani, wa bungwe limodzi kapena wa wopereka thandizo.