Gumbwa wa m'mavazi, a dekoleshoni mvetserani

Abale ukwati uja wa ku Luchenza watha bwino, holo inakongola, koma mtima wanga ukuwawabe ndi kondakitala wina wake. Mkwatibwi ankafuna gumbwa m'mavazi ataliatali akutsogolo, osati zapulasitiki zija. Kumtunda kuno ku Thyolo gumbwa weniweni ndi wosowa, ndiye ndinatsetsereka nsewu wa Thekerani mpaka ku Makhanga, kufupi ndi dambo la Elephant Marsh komwe amamera wambiri.

Posankha gwirani phesi, limakhala la ngodya zitatu, likhale lolimba komanso lobiriwira mpaka kumutu. Ngayaye ikayamba kufiira kunsonga musiyeni, ameneyo wakalamba, azingoyoyoka pa nsalu za matebulo. Muduleni m'mamawa dzuwa lisanakwere ndipo alowe m'ndowa ya madzi pompo, osati kumugoneka pansi kaye ayi.

Nde pobwerera paja! Munthu ndakulunga bwinobwino kumunsi ndi chiguduli chonyowa, ndalipira ya katundu yomwe kondakitala uja ananena yekha, ndamuchonderera kuti achimwene chonde agone chotambalala, iye akuti musadandaule mayi. Tikufika ndikupeza wamupinda pakati kuti buti itsekeke, pamwamba wasanjikapo thumba la mbatata. Gumbwatu mkati mwake ndi wofewa ngati siponji, akapindika wapindika, sadzukanso olo umunyengerere bwanji, ndiye pafupifupi theka ndinangodula kukhala timafupitifupi ta patebulo. Ndalama yakatundu ija anakana kubweza, mpaka kumandiuza kuti mayi ndi udzu uwu. Udzu! Tsiku lonse lathera kuchigwa kotentha kuja iye nkumati udzu. Inu mukapita gulani mpando wina mumunyamule nokha.

Kunyumba dulaninso kumunsi mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, sizasi imaphwanya phesi. Madzi akhale ambiri, ndikubwerezanso, ambiri, chomera cha m'dambo ichi chimamwa zoopsa. Mu oasis muja, siponji yobiriwira yobayapo maluwa ija, sachedwa kufota, bola vazi yeniyeni ya madzi. Ndimasintha madziwo tsiku ndi tsiku nkudonthezamo Jik pang'ono kuti asanunkhe, ngayaye nkumaiwaza timadzi. Ndaiwala, pamtunda pa Makhanga paja musamuike padzuwa podikira galimoto, pezani mthunzi. M'holonso chimodzimodzi, kutali ndi zenera ndi fani, mphepo imaumitsa nsonga. Zikauma pang'ono ingometani ndi sizasi mozungulira, wanga anatha sabata akuonekabe bwino, ena anakakongoletsanso kutchalitchi.