Nubere ndi ducere: kukwatiwa ndi kukwatira m'Chilatini

Wolankhula Chichewa amayamba phunziro ili ali kale patsogolo, chifukwa kwathu mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Aroma nawonso sankasakaniza ziwirizi. Za mkazi ankanena ndi mneni nubo, nubere, nupsi, nuptum. Za mwamuna ankati uxorem ducere kapena in matrimonium ducere, kutanthauza kutenga mkazi n'kumutsogolera.

Ambiri amapunthwa pa nubere. Mneniyu safuna accusative (maonekedwe a dzina la wochitidwa chinthu), amafuna dative (maonekedwe a dzina la wochitiridwa chinthu). Cholondola ndi Iulia Marco nupsit (Iulia anakwatiwa ndi Marcus), osati Marcum. Njira yosavuta yokumbukirira ndi ya Aroma eni ake, amene ankalumikiza liwuli ndi kufunda nsalu kumutu. Tsiku la ukwati mkwatibwi ankafunda flammeum, nsalu ya mtundu wa lawi la moto. Ndiye ganizani kuti Iulia anamufundira Marcus. Ka "-ira" kameneka n'kamene kakugwira ntchito ya dative.

Kwa mwamuna zimatembenuka: Marcus Iuliam in matrimonium duxit (Marcus anakwatira Iulia). Iuliam ndi accusative, matrimonium nalonso ndi accusative chifukwa liwu loti in apa likusonyeza kolowera. Kutsogolerako sikunali kwa pakamwa chabe. Madzulo mkwatibwi ankaperekezedwa ndi miuni mpaka kunyumba kwa mwamuna, mwambo wotchedwa deductio. Izi n'zofanana ndi chitengwa, osati chikamwini. N'chifukwa chake mzere wa mlakatuli Martial, uxori nubere nolo meae (sindifuna kukwatiwa ndi mkazi wanga), umaluma kwambiri: akukana mkazi wachuma poopa kuti iyeyo ndiye angakhale wokwatiwa.

Mayina a mwamuna wa pabanja alipo atatu ofunika. Maritus, mariti silivuta. Vir, viri ndi mwamuna aliyense, koma likakhala ndi meus kapena suus pakamwa pa mkazi, limangokhala ngati "amuna anga". Samalani, viri ndi amuna koma vires ndi mphamvu, kuchokera ku vis. Lachitatu, coniunx, ndi limene ndimaliona lokongola: limanena mwamuna kapena mkazi, ndipo ndi pachibale ndi iugum, goli lomangira ng'ombe ziwiri pamodzi. Tsinde lake ndi coniug-, choncho n wachiwiri uja amagwa: coniugis, coniugi, coniugem. Wolemba coniungem waphonya.

Mkazi wa pabanja ndi uxor, uxoris. Liwu la phwando la ukwati, nuptiae, limakhala lochulukitsa nthawi zonse ngakhale ukwatiwo uli umodzi, ndiye mneni wakenso achuluke: nuptiae factae sunt (ukwati unachitika), osati facta est.