Chigaza chamapiko pa tisheti ya kaunjika

Lachitatu, usiku. Tulo palibe, ndiye bola ndilembe.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3, wagula tisheti yakuda pa kaunjika. Pachifuwa pake pali chigaza chokhala ndi mapiko a mleme. Mayi ake atangoiona pachingwe anaichotsa ndi kamtengo, osafuna n'kuikhudza komwe, ndipo pomwe ndimafika madzulo n'kuti ili m'jumbo pakhonde, ikungodikira machesi.

"Achimwene, mumuuze ndinu. Ine akuti palibe chomwe ndikudziwa. Za satana m'nyumba mwanga muno ayi."

Nditaitambasula mtima unagunda. Chigaza chimenecho amachitchula kuti Deathbat, ndi chizindikiro cha Avenged Sevenfold, gulu la anyamata a ku Huntington Beach, ku California, lomwe linayamba mu 1999. Pansi pake panali zilembo zofufutika koma zowerengeka: Waking the Fallen. Chimbale cha mu 2003, chomwe ndinachimvera mpaka CD yake yokopera inayamba kudumphadumpha. Wina kutali uko anaivala tisheti imeneyi mpaka kutuwa, kenako yafika kuno m'belo, n'kugwera m'manja mwa mwana wa m'banja lathu lomwe.

Ndinamufunsa mnyamatayo ngati akudziwa chomwe wavala.

"Ayi amalume, yangondisangalatsa. Ndimaona ngati ndi ya filimu."

Apa ndi pomwe panandipweteka, ndipo mpaka pano sipanapole. Wina akuiopa asanamve nyimbo ngakhale imodzi, wina akuivala asanamvenso ngakhale imodzi, ine ndili pakati ndi chinthu chomwe ndimachikonda kwambiri.

Ndinatulutsa foni n'kuika "Chapter Four". Ndinasankha dala. Ndinauza mlongo wanga kuti nyimboyi ikunena za Kaini ndi Abele, Genesis chaputala 4, ndipo dzina la gululo linachokera m'chaputala chomwecho, paja Mulungu anati wopha Kaini adzabwezeredwa kasanu n'kawiri. Sindinamunamize kuti ndi oimba zauzimu, chifukwa si choncho. Ndinangoti ndi anyamata omwe anatenga nkhani yomwe iye amaphunzitsa ana ku Sande sukulu n'kuiimba ngati kuti akulankhula ndi Kaini mwini wake, magazi a m'bale wake ali m'manja.

Anamvetsera pang'ono, manja ali m'chiuno. Magitala awiri aja, a Synyster Gates ndi Zacky Vengeance, akuyenda limodzi wina pamwamba wina pansi, sanawanene kanthu. Koma woimba wa gululi, M. Shadows, atangoyamba kukuwa, mlongo wanga anati, "Nanga akukuwiranji? Munthu wabwinobwino amaimba chonchi?"

Ndinayesa kufotokoza kuti mtundu umenewu amautcha metalcore, kuti unabadwa posakaniza heavy metal ndi hardcore punk, kuti kukuwako n'kwadala ndipo kuli ndi luso lake. Mawu anga ankangogwa pansi. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati buku, pomwe funso lake linali loona. Akukuwiranji?

Yankho landibwerera mochedwa, ndili m'minibasi. Pamaliro a mayi athu, mlongo wanga yemweyu analira mokuwa mpaka mawu anamuthera, ndipo palibe anamufunsa chifukwa. Aliyense ankadziwa kuti pali zina zomwe sizituluka ndi mawu oleza. Ife amuna tinakhala panja pamoto, chete, poti mwamuna salira. Ine kulira kwanga ndinakalirira m'chipinda patapita masiku, mahedifoni ali m'makutu, ndipo chomwe chinkalira m'makutumo ndi chimbale chomwechi.

Muli nyimbo ziwiri zotsatizana, "I Won't See You Tonight" gawo loyamba ndi lachiwiri. Loyambalo limayamba ndi piyano, limatenga pafupifupi mphindi 9, ndipo Shadows amaimba ndi mawu osalala, ngati munthu amene wasankha kudzipha akutsanzika abale ake. Lachiwiri limangoyamba ndi mfuu, mkwiyo ndi chisoni cha mnzake wotsala uja. Anazilemba mnzawo wina, yemwe ankaimba besi m'gululi kale, atayesa kudzipha. Ukamva zonse ziwiri motsatizana sufunsanso za kukuwa. Izi ndi zomwe ndikanakonda kumuuza mlongo wanga, makamaka masiku ano pomwe nkhani za amuna odzikhweza sizikutha pa wailesi, iyenso akulera mnyamata amene sakonda kulankhula.

Koma pakhonde paja nkhani inapita kwina. Mnyamata uja anafuna kudziwa ngati anthuwa ndi otchuka, ndiye ndinayamba kulakatula. Chimbale chawo choyamba, Sounding the Seventh Trumpet, cha mu 2001, anachijambula akadali achichepere zedi ndipo n'chaphokoso losapsa, kukuwa pafupifupi kokhakokha. Waking the Fallen chinatuluka mu Ogasiti 2003 ku Hopeless Records, kampani yaing'ono, ndipo ndi choyamba chomwe Synyster Gates anaimba nawo chonse, komanso Johnny Christ atalowa pa besi. Wojambula wake, Mudrock, anawaumiriza kuti aziimba mwadongosolo, osangothamanga. Zotsatira zake ndi zomwe zimamveka mu "Unholy Confessions": gitala yoyambira ija yomwe aliyense wophunzira metal amafuna kuidziwa, kukuwa kukusinthana ndi kolasi yoti ungaimbe ukuchapa. Anazungulira nacho chimbalechi America pa Warped Tour, ulendo wa zoimbaimba wa magulu ambiri, anthu n'kumachuluka, mpaka kampani yaikulu ya Warner Bros. inawatenga. Mu 2005 anatulutsa City of Evil, kukuwa kuja atakusiya pafupifupi konse, "Bat Country" n'kumaseweredwa pa MTV, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya MTV ya oimba atsopano opambana.

"Ndiye kuti atasiya kukuwa ndi pomwe analemera?" Anafunsa choncho mlongo wanga, ali pakhomo la khitchini. Ndimayesa sakumvetsera.

Ndinati inde, chifukwa ndi zoona. Koma zandikhala pakhosi. City of Evil ndimachilemekeza, magitala ake ndi apamwamba kuposa a 2003, palibe mkangano. Komabe kwa ine gululi silinakhalenso ndi moyo ngati pa Waking the Fallen, pomwe linali lisanasankhe mbali. Mu "Second Heartbeat" umamva anthu amene akufuna kuimba zokoma ngati gulu la heavy metal la Iron Maiden koma mkwiyo wa hardcore sunawachoke, zonse ziwiri zikukokana m'nyimbo imodzi. Kukokanako ndi komwe kunawatsegulira chitseko. Atalowa anakusiya panja.

Ndiye pali ng'oma. Jimmy Sullivan, amene ankadziwika kuti The Rev, mapazi onse awiri akuponda mothamanga koma manja akuchita zina zoseweretsa zomwe suziyembekezera. Anamwalira pa 28 Disembala 2009 ali ndi zaka 28. Chimbale chotsatira, Nightmare, ng'oma zake anaimba Mike Portnoy wa gulu la Dream Theater ndipo chinafika pa nambala 1 ku America mu 2010. Ndikamvera "I Won't See You Tonight" masiku ano ndimakumbukira kuti woimba ng'oma m'nyimbo yolira mnzawo anali iyeyo, patangotsala zaka 6 kuti nayenso amwalire. Izi sindinamuuze mnyamata uja. Kunali kutada, nsima itapsa, ndipo mlongo wanga anali atagamula kale kuti tisheti ija saitentha koma isalowe m'nyumba ndipo isaoneke kutchalitchi.

Posachedwapa foni yalira. Ndi mnyamata uja pa WhatsApp, bando ya mayi ake. Akuti wafufuza gulu lija, wapeza "Hail to the King" ya mu 2013, ndipo akuti imeneyo ndiye yabwino, "osati zokuwa zija amalume." Ndalemba yankho lalitali n'kulifufuta. Ndikufuna kumutumizira zigawo ziwiri zija, koma ndikuganiza za nkhani ya nyimbozo, ndi msinkhu wa mnyamatayo, ndi momwe amakhalira chete pakudya. Mwina ndiyambe ndalankhula ndi mayi ake Loweruka, ngati angandipatse mpata.