Zimene ndaphunzira pa malamulo opewa kuwombana kwa maboti

Pa maphunziro a kayendetsedwe ka maboti ang'onoang'ono amene ndikuchita, gawo limene landidyera nthawi kwambiri ndi la malamulo opewa kuwombana pamadzi, amene bungwe la IMO, loona za maulendo a sitima zapamadzi pa dziko lonse, linavomereza mu 1972 ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1977. Analembedwera sitima za m'nyanja zamchere, koma nzeru zake zimagwiranso ntchito pa Nyanja ya Malawi, pamene Ilala, maboti a injini ndi mabwato opalasa zimakumana m'madzi amodzi.

Lamulo la nambala 14 likuti maboti awiri a injini akamabwera moyang'anizana, lililonse likhotere kudzanja lake lamanja. Kwa ife amene tinazolowera kuyenda kumanzere pamsewu, mfundo imeneyi ndi yofunika kuibwereza mpaka dzanja lizolowere, chifukwa pangozi munthu amachita zimene thupi lake likudziwa kale. Njira zikapingasana, boti limene likuona linzake kumanja ndilo liyenera kupatuka, ndipo lisadutse kutsogolo kwa linzakelo.

Komabe ine ndikuona kuti lamulo la nambala 7 ndilo mutu wa nkhani yonse, popeza limaphunzitsa kuzindikira ngozi isanafike. Woyendetsa amayeza ndi kampasi mbali imene boti lina lili, kenako amayezanso patapita kanthawi. Ngati madigiri sakusintha koma botilo likunka likulirakulira m'maso, ndiye kuti awiriwo adzafika pamalo amodzi nthawi imodzi. Ena amangoyerekeza ndi chitsulo cha m'mbali mwa boti lawo, koma mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi mutu wa boti umapita uku ndi uku chifukwa cha mafunde, motero kampasi ndiyo yodalirika. Wopatuka ayenera kukhota msanga ndiponso kwambiri kuti mnzake aone bwino cholinga chake, chifukwa kukhota pang'onopang'ono kumangosokoneza. Ngakhale amene lamulo lamulola kupitiriza njira yake ayenera kuchitapo kanthu akaona kuti mnzakeyo sakupatuka.

Usiku nyali ndizo zimalankhula. Yofiira imakhala kumanzere, yobiriwira kumanja, iliyonse ikuwala madigiri 112.5, pamene yoyera yakumbuyo imawala madigiri 135. Kuona yofiira ndi yobiriwira pamodzi kumatanthauza kuti boti likubwera molunjika kwa iwe. M'buku zimenezi ndi zosavuta, koma panyanja pathu usiku wopanda mwezi pamadzaza nyali za asodzi a usipa, zimene ntchito yake ndi kukopa nsomba, osati kusonyeza kumene bwato likulowera, ndipo pafupi nazo pamakhala khoka la chilimira limene silioneka. Lamulo la nambala 18 limalamula boti la injini kupatukira amene akusodza ndi makoka owalepheretsa kukhota, ndipo bwato lopalasa limangofunika kukhala ndi tochi kapena nyali yoyera yoti liyatse nthawi ikadalipo. Choncho pamalo otero chanzeru ndi kuchepetsa liwiro, kuika munthu kutsogolo kuti aziyang'ana ndi kumvetsera, ndi kuzungulira patali.

Pakali pano ndikuloweza zizindikiro za hutala. Kuliza kamodzi mwachidule ndiko kunena kuti ndikukhotera kumanja, kawiri kumanzere, katatu injini yanga ikukankhira m'mbuyo, ndipo kasanu kapena kuposerapo mofulumira ndiko kuchenjeza mnzako kuti sukumvetsa chimene akufuna kuchita.