Mmene ndinasankhira makina a espresso kuno ku Mangochi

Ndinayamba ndi nkhani ya magetsi, dzina la kampani linabwera pambuyo. Espresso ndi khofi wochepa koma wamphamvu, wopangidwa popanikiza madzi otentha kuti adutse m'khofi wopera. Makina ambiri a espresso a panyumba amadya mawati 1,200 mpaka 1,500 akamatenthetsa madzi, ndipo kainveta ka sola kwanga kuno sikangasenze katundu wotero. Magetsi akazima m'mawa, khofi palibe. Kuonjezera apo, kuno timayendera 230V ndi pulagi ya mano atatu ngati ya ku UK, pomwe makina a ku America ndi a 120V, moti mukangowalumikiza amapsa. Ochokera ku Johannesburg alibe vuto, mungosintha pulagi basi.

Kenaka madzi. A pamjigo wathu amasiya zoyera pansi pa ketulo, ndipo zoyerazo ndi zomwe zimatseka timapaipi ta m'kati mwa makina. Apa ndinaona kuti makina okhala ndi boila adzandifuna madzi osefa komanso kuwatsuka pafupipafupi.

Makina a Nespresso, ogwiritsa ntchito timakapu totsekeramo khofi wopeleratu, ndinawasiya msanga. Timakapu take mpovuta kutipeza kufupi, komanso sizindikhalira bwino kumwa khofi wotsekeredwa ku Switzerland pamene tili ndi Mzuzu Coffee wa alimi a ku Misuku, ndi wa ku Satemwa ku Thyolo.

Musatengeke ndi "15 bar" yolembedwa pa katoni (bar ndi muyezo wa mphamvu yopanikizira madzi). Espresso imafuna mphamvu ya 9 bar pa khofi penipenipo, nambala yaikuluyo ndi ya pampu chabe.

Chomwe chinanditengera nthawi ndi chopelera, ndipo ndikhulupirira kuti apa mpomwe ndalama iyenera kupita. Khofi wogula wopeleratu nthawi zambiri amakhala wa misere, madzi amangodutsa fyuu, m'kapu mumatuluka madzi owawasa opanda thovu. Wa espresso amafunika kusalala, pakati pa mchere wa patebulo ndi ufa woyera, ndipo muzitha kusintha pang'onopang'ono. Chopelera cha timipeni tozungulira sichikwanitsa zimenezi chifukwa chimadula mosafanana. Ndinatenga chamanja cha mano achitsulo, chomwe amati burr grinder.

Makinawo ndinasankha opanikiza ndi dzanja, mtundu wa Flair kapena Cafelat Robot, osafuna magetsi ngakhale pang'ono. Ndimawiritsa madzi pa mbaula kapena pa gasi, ndikudikira pang'ono kuti atsike kufika pakati pa madigiri 90 ndi 96. Ndimayeza magalamu 18 a khofi pa kasikelo, kutsendera bwino, kenaka kupanikiza mpaka m'kapu mufike magalamu 36, m'masekondi 25 mpaka 30. Akatuluka mofulumira ndimapera mosalalirapo, akamadontha movutikira ndimamasulako.

Amenewa alibe kapaipi ka nthunzi kopangira thovu la mkaka. Ngati kwanu mumakonda cappuccino (espresso wothira mkaka wa thovu) ndipo magetsi ngodalirika, yang'anani Gaggia Classic kapena De'Longhi Dedica. Thumba likaperewera, kapoto kophikira khofi ka Bialetti kamagwira pa mbaula pomwe, ngakhale mphamvu yake sipitirira 2 bar, ndiye ndi khofi wamphamvu koma si espresso.

Ndi kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala, khofi amatha fungo msanga. Ndimagula wosapera, paketi yaing'ono, ndikusunga m'botolo lotseka bwino kutali ndi dzuwa, ndipo ndimapera okwanira kapu yomwe ndikumwa nthawi yomweyo.