Tsiku limene ndinalowa m'malo mwa Paul Simon

Malume anga anabwerera kumudzi kuno kuchokera ku Harare m'chaka cha 1991 atanyamula zinthu zitatu zimene ankazilemekeza kuposa ife abale awo: makina osokera, wailesi ya makaseti awiri, ndi kaseti imodzi ya TDK ya mphindi 90. Pa kabokosi ka kasetiyo analembapo ndi bolopeni yofiira kuti GRACELAND, ndipo m'munsi mwake, ndi zilembo zokulirapo, OSAGWIRA. Kaseti yeniyeniyo sanailembe kanthu. Mfundo imeneyi muisunge.

Malume anakhala ku Mbare zaka zoposa 20 akusoka masuti, ndipo pa zaka zonsezo tsiku limene ankalikumbuka ndi limodzi lokha, la mu Febuluwale 1987, pamene Paul Simon anadzaimba m'bwalo la Rufaro pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi gulu la Ladysmith Black Mambazo. Nkhaniyi inkakula ngati dzungu. Atangofika kumene ankati anaima kumbuyo kwenikweni. Pofika Khirisimasi anali atasendera pakati. Chaka chisanathe anali kutsogolo, ndipo woimba gitala uja Ray Phiri anali atawakodola ndi mutu. Pa Phiri ndiye panali mtima wawo. Bambo ake a Phiri anachokera kuno ku Malawi, choncho kwa malume chimbale chonse cha Graceland chinali cha mwana wa kwathu, Simon anangothandizirako kuimba.

Amene sankafuna kumva zimenezi anali aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe ku Zingwangwa, munthu wa ndevu zambiri amene ankagona ndi kudzuka ndi BBC. Madzulo aliwonse ankakumana ndi malume pa bawo, ndipo njombwa zisanathe kugawidwa mkangano unali utayamba.

"Atelala, munthu wanuyo anaswa lamulo," ankatero aphunzitsi. "Bungwe la United Nations linati oimba anyanyale dziko la tsankho lija la South Africa. Iye mu 1985 ananyamula chikwama ulendo ku Johannesburg kukajambula, a ANC osawafunsa n'komwe. Ku London anthu anachita kuima ndi zikwangwani panja pa holo ya Royal Albert. Ndipo nyimbo zonse 11, ndiuzeni imodzi yotchula tsankho."

"Anakaimbira azungu kodi?" ankayankha malume uku akutakata. "Ku Sun City, kumalo achisangalalo kuja, anamuitana, anakana. Kumeneko anakafuna anyamata akuda, nkuwalipira bwino, nkuwatulutsa dziko lonse liwaone. Inu mungadziwe tsankho kuposa mayi Makeba? Nanga Grammy ya 1987 anampatsa chifukwa cha nkhope?"

Ine ndinali Fomu 3, ndipo za United Nations zinalibe nane ntchito. Chimene chinkandisowetsa tulo chinali mwana wamkazi wa aphunzitsiwo. Dzina lake sinditchula, koma mukachotsa zilembo zinayi zomaliza pa dzina la chimbale chija, mwamupeza. Ndi Chingerezi changa cha nthawi imeneyo ndinaona kuti nkhani yatha kale: mzungu wa ku America waimba chimbale chonse chokamba za dziko la mtsikana ameneyu. Palibe anandiuza kuti Graceland ndi nyumba ya Elvis Presley ku Memphis, kapena kuti nyimboyo ndi ya bambo amene banja lamuthera ndipo akuyenda ulendo ndi mwana wake kukapepesa mtima. Ndiye kuti ndinasankha nyimbo ya kutha kwa ukwati kuti ndifunsirire mbeta.

Nzeru yanga inali yotere. Ndigule kaseti yatsopano, poyambirira ndijambulepo mawu anga, kenako nditsanulirepo chimbale chonse, popeza chimakwana bwinobwino mbali imodzi. Za OSAGWIRA zija ndinazipezera yankho. Malume omwewo ndi amene ankatiuza kuti Simon anayamba zonsezi chifukwa mnzake anamubwereka kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku Joni mu 1984, iye nkumaimvera m'galimoto. Chimbale chobadwa ndi kaseti yobwereka chingakane bwanji kubwerekedwa?

Ndalama ya mandasi ya masabata atatu inathera pa kaseti. Ndinagula ya TDK, ya mphindi 90, yofanana ndendende ndi ya malume, poganiza kuti nyimbo zabwino zimafuna mtundu umenewo. Loweruka lina malume atapita ku Limbe kukagula nsalu, ndinalowa m'chipinda chawo monyang'ama, nkutulutsa makaseti onse awiri m'timabokosi, nkuwaika pa bedi. Kenako amayi anandiitana kuti ndikaphule madzi. Nditabwerako ndinatola imodzi nkuiika kumanzere, ina kumanja. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wailesi ija inali nawo awiri.

Ndinadina batani lofiira nkuyamba kulankhula. Kufunsira pa wailesi nkovuta kuposa pamaso, chifukwa wailesi sikuseka kapena kujambula pansi ndi chala chakuphazi kuti udziwe pamene uli. Ndinayamba, nkulakwitsa, nkuyambiranso, osaimitsa kaseti, ndikudziuza kuti zoipazo ndifufuta pambuyo. Mtima utakhazikika pakamwa panatseguka, ndipo ndinalankhula zambiri zimene sizinali pa pepala. Ndili mkati ndinamva belu la njinga kumsewu, mtima nkuti phaa. Zofufuta ndinaiwala. Ndinadina mabatani otsanulira mothamanga, voliyumu nkutsitsiratu kuti amayi asamve, ndipo ndinakhala pa zenera ngati mlonda mpaka kaseti inati thapu. Ya kumanzere ndinaibwezera m'thumba langa, ya kumanja m'kabokosi kofiira, pakuti pamene ndinkazitulutsa mutu unali utandibwerera pang'ono ndipo ndinaona kuti imodzi ili ndi kachizindikiro ka chala cha malume cha mafuta a makina. Chifukwa chake inapezeka mbali yojambulira sindinadzifunse. Ndinaibweza ndi bolopeni mpaka poyambira, kuopa kutha mabatire, nkutuluka ndikuimba mluzu.

Lolemba ndinampatsa mtsikana uja kaseti yake pa mpope, nditaikulunga m'pepala la kope. Lachitatu anandipeza pomwepo.

"Kaseti yako ija ilibe kanthu," anatero.

"Wailesi yanu ndi yakale," ndinayankha monyada. "Nyimbo zimenezi zimafuna makina amphamvu."

Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu wodwala malungo, nkusenza ndowa yake.

Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi, malume anaganiza zothetsa mkangano wa chaka chonse. Anagula mabatire asanu ndi atatu atsopano, osati aja tinkayanika padzuwa, natulutsa wailesi pakhonde. Anaitana aphunzitsi ndi akazi awo, mkulu wa mpingo wina amene ankangodutsa, ndi amayi awiri amene anabwera kudzayesa madiresi. Amayi anga anatulutsa thobwa. Mtsikana uja anakhala pa mkeka ndi amayi ake. Ine ndinatsamira chitseko, manja m'thumba, ndikumuponyera diso loti tamvera tsono makina enieni.

"Aphunzitsi, lero osalankhula," anatero malume. "Mumvere mpaka kumapeto. Mumve akodiyoni poyambirira, mumve bezi ya Bakithi Kumalo, mumve zala za mwana wa kwathu Phiri. Mukatero mundiuze ngati chinthu chotere nchonyanyala."

Anadina batani. Kunamveka kaphokoso ka mphepo. Kenako munthu anatsokomola, nkukonza kukhosi kawiri.

"Moni, duwa la mtima wanga. Ayi. Moni, nyenyezi ya ku Zingwangwa. Ayi, zachibwana. Tiyambirenso."

Mawu a munthu pa kaseti amamveka achilendo, moti kwa kanthawi ndinkamumvera chisoni mnyamatayo. Malume anapendeka mutu, akuganiza kuti mwina ndi MBC yalowerera. Koma mnyamata uja anatchula dzina la mtsikana, lonse, ndi la bambo ake lomwe. Kapu ya thobwa ya aphunzitsi inaima m'malere.

Malume anatambasula dzanja kuti azimitse. Aphunzitsi anawagwira pamkono.

"Ayi, Atelala. Mwati timvere mpaka kumapeto."

Ndinamva ndekha ndikulonjeza nyumba ya malata ku Namiwawa, ine amene nsapato ndinkabwerekana ndi mkulu wanga. Ndinamva ndikufotokoza kuti chimbalechi mzungu anaimbira atsikana onse a dzina limenelo, koma makamaka iye. Kenako patali pang'ono, momveka bwino kuposa ine, mawu a amayi anga: "Iwe! Kabudula wako wong'ambika kumatako uja ndikusokere kapena ndimuyese chikolopa?" Ndipo ine: "Amayi, ndikuwerenga!" Amayi aja odzayesa madiresi anagwetsana pa mkeka. Mkulu wa mpingo ankayesa kubisa nkhope m'chipewa koma mapewa ankamuwulula.

Ndikanakonda zikanathera pa kabudula. Koma paja pakamwa panali patatseguka.

"Bambo ako usawaope," anapitiriza mnyamata wa m'wailesi, tsopano molimba mtima. "Ndevu zokhazo, bawo sadziwa. Malume amangowasiyira dala kuti asasiye kusoketsa mathalauza kwathu."

Aphunzitsi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana malume. Malume anayang'ana kudenga ngati aona chiswe.

"Ndipo malume angawo usawatengere. Za ku Rufaro zija ine ndikuganiza sanalowe n'komwe. Anamvera kunja kwa mpanda, akugulitsa mazira owiritsa."

Apa ndiye onse awiri anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Harare anali mbali imodzi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinayesa kubwerera chambuyo kulowa m'nyumba, koma amayi anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

Pa kaseti panamveka belu la njinga, phokoso la munthu wogunda bedi ndi bondo, kenako zii. Malume anadikira akodiyoni. Anathamangitsa kaseti patsogolo, zii. Patsogolo pena, pamene payenera kukhala Ladysmith Black Mambazo, zii. Ndinali nditatsanulira kaseti yopanda kanthu pamwamba pa Paul Simon, Joseph Shabalala wa Ladysmith, Kumalo ndi Phiri yemwe, onse nkuwasesa mwaukhondo.

Aphunzitsi anamaliza thobwa lawo mosapupuluma, napukuta ndevu.

"Atelala, ndamvera mpaka kumapeto monga munanenera. Chimbale ichi nchonyanyala." Ataimirira anandiloza ndi chipewa. "Ndipo woimbayu asadzapondenso pakhomo panga, kapena pa mpope nthawi imene mwana wanga akutunga."

Kunyanyala kwa United Nations Simon anakudumpha, koma kwa aphunzitsi kunalibe podumphira. Mtsikana uja anandilankhulanso kamodzi kokha, patapita mwezi, pobweza kaseti yake. Anati pa makaseti awiri aja, wopanda kanthuyo ndi amene anamusangalatsa.

Malume sanandimenye. Anatembenuza kaseti, napeza kuti mbali inayo, ya gulu la Phiri la Stimela, ili moyo, ndipo anapuma mozama ngati munthu amene nyumba yapsa koma mbuzi zapulumuka. Kenako anati, "Mphwanga, mazira owiritsa?" Tchuthi chonse chotsatira ndinachithera pa mabatani ndi mipendero, mpaka ndalama inakwana yogulira Graceland ina kwa ogulitsa makaseti mumsika wa Blantyre. Imeneyo atangoilandira anathyola timano tiwiri ta pamwamba pake tija, uku akundiyang'ana m'maso.

Kaseti yakale ija ndinkayesa anataya. Patapita zaka 11, tsiku la chinkhoswe changa ndi mkazi wina, wa dzina lina, wa ku Ntcheu, nthawi ya malangizo itakwana, malume monga nkhoswe anaimirira, napempha mnyamata wa zokuzira mawu kuti aone ngati makina ake amalandira makaseti. M'thumba la jekete anatulutsa kabokosi kaja. Mawu oti GRACELAND anali atawakhwatcha, ndipo pamwamba pake ndi bolopeni yofiira yomweyo analembapo dzina langa.